Kukonzanso nyumba ya malata: yambirani kudenga, matailosi adikire

Munthu akapeza kangachepe, kaya ndi ka fodya, ka soya, bonasi ya kuntchito kapena kamene watumiza wachibale wa kunja, n'kuganiza zokonzanso nyumba, maganizo amathamangira kumodzimodzi: matailosi pabalaza, penti yatsopano kunja, chitseko chachitsulo, mpanda wa njerwa. Zonsezi n'zabwino ndithu, ndipo alendo amayamikira. Koma mukawafunsa ogona m'nyumbamo chimene chimawasowetsa mtendere, za pansi sazitchula. Amatchula kutentha kwa mu Okutobala, udzudzu, utsi wa kukhitchini, khoma la kuchipinda lomwe limachita chuku dzinja lililonse, ndi mantha aja amagwira munthu mphepo ikayamba kugwedeza malata pakati pa usiku. Mavuto amenewa ali ndi njira zake zowachepetsera, zina zosafuna ndalama zambiri. Povuta m'pakuti kukonza vuto lina kumadzutsa lina. Mukatseka mipata kuti udzudzu usalowe, nyumba imatentha. Mukaika siling'i, mileme imapeza pokhala. Mukatalikitsa denga kuti likhale ndi mthunzi, mphepo imapeza pogwira. Luso lonse lili podziwa choyambira ndi chotsatira.

Tiyambe ndi kutentha, chifukwa n'komwe ndalama zambiri zimalowa m'madzi. Dziko lathu lili kumwera kwa equator, pakati pa madigiri 9 ndi 17. Kwa munthu wa ku Lilongwe, dzuwa limadutsa paliwombo penipeni chakumapeto kwa Okutobala, n'kudzateronso chapakati pa Febuluwale. Mu Febuluwale mitambo ndi mvula zimatitchinjiriza. Mu Okutobala kumwamba kumakhala kuli mbee, ndipo ukali wonse wa dzuwa la masana umathera padenga, osati pamakoma. Lata ndi chitsulo chopyapyala, nthawi zambiri chosafika theka la milimita, choncho likangotentha limapatsira kutenthako kunsi nthawi yomweyo. Denga lakuda kapena ladzimbiri limatha kufika madigiri 70 dzuwa likaswa mtengo, ndipo wokhala pansi pake amakhala ngati wavindikiridwa ndi chiwaya cha tchipisi. Kutentha kwamtunduwu sikudikira mpweya kuti ukubweretse. Kumatsika molunjika kuchokera ku lata kudzagwera pakhungu, pabedi, pamakoma ndi pasimenti. N'chifukwa chake fani imangothandiza pang'ono: imaumitsa thukuta, koma siichotsa kutentha m'nyumba, ndipo magetsi akathima nkhani yake yathera pomwepo.

Njerwa ndi simenti zili ndi khalidwe losiyana ndi lata. Zimamwa kutentha pang'onopang'ono tsiku lonse, n'kumakutulutsa dzuwa litalowa. Apa m'pamene pamachokera chodabwitsa chija chakuti cha m'ma 8 koloko usiku panja pamakhala patayamba kupita kamphepo, koma m'nyumba muli ng'anjo. Ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga anthu amatulutsa mphasa kukagona pakhonde, ndipo amene agonera m'nyumba amakankhira neti kumbali chifukwa imawonjezera chifundizi. Nkhani ya kutentha ndi nkhani ya malungo zimakumana pamenepo.

Njira yoyamba, imenenso anthu amaipeputsa kwambiri, ndi mtundu wa denga. Masiku ano m'malo omwe akumangidwa kumene, monga ku Area 49, ku Chileka kapena ku Machinjiri, mwadzaza madenga a IBR akuda ngati makala, obiriwira kwambiri kapena ofiira moderapo. Amakongola, palibe wotsutsa. Koma mtundu wakuda umamwa pafupifupi kuwala konse kwa dzuwa n'kukusandutsa kutentha, pomwe woyera umabweza gawo lalikulu kumwamba. Pa dzuwa limodzimodzi, kusiyana kwa denga loyera ndi lakuda kumatha kupitirira madigiri 20. Ine ndimaona kuti kugula malata akuda womanga ku Mangochi kapena ku Liwonde kuli kudzigulira mavuto ndi ndalama zako zomwe. Ngati malata munakhoma kale, apakeni penti yoyera yopangidwira madenga, kapena yamtundu wina wowala ngati kirimu.

Zimenezi zinayesedwa mu mzinda wa Ahmedabad ku India. Kutentha kwa mu 2010 kutapha anthu oposa 1,300, akuluakulu a mzindawo anakonza dongosolo lolimbana ndi kutentha mu 2013, ndipo mu 2017 anayamba kupaka zoyera madenga a nyumba zambirimbiri za anthu osauka. Madenga oyera amatsitsa kutentha kwa m'nyumba ndi madigiri awiri mpaka asanu. Chiwerengerochi chikumveka chochepa, koma amene anagonapo ku Ngabu akudziwa kuti pakati pa madigiri 36 ndi 32 pali tulo.

Kupakako kuli ndi malamulo ake. Malata atsopano onyezimira sagwira penti bwino, imasupuka chaka chisanathe, choncho amafunika kutsukidwa ndi kupakidwa kaye penti yapansi yoyenera malata, kapena kuwasiya adutse dzinja limodzi. Akale adzimbiri muyambe mwawapala ndi bulashi ya waya, mupake penti yoletsa dzimbiri ya red oxide pomwe pali dzimbiri, kenako penti yoyera kawiri. Wopakayo aziponda pamzere wa misomali pomwe pali thabwa kunsi, ndipo ntchitoyi aigwire m'mamawa lata lisanayambe kuwotcha. Njereza, imene ku Balaka amawotcha yambiri, ndi yabwino kwambiri pamakoma, koma pamalata siikhalitsa, imakokoloka ndi mvula yoyamba, ndiponso ukali wake umadya khungu lija limateteza lata ku dzimbiri. Ngati mudzatunga madzi a padengapo, funsitsani kuti pentiyo ilibe mtovu, chifukwa penti zina zamafuta zimakhala nawo ndipo umawononga ubongo wa ana.

Chachiwiri ndi siling'i. Ntchito yake yeniyeni si kubisa mitanda, koma kuima pakati pa lata ndi munthu kuti kutentha kotsika molunjika kuja kusafike. Pachifukwa chimenechi, siling'i ya nsungwi zong'aluza, ya bango kapena ya mphasa zokhomera pa timatabwa imagwira ntchito ndithu, ndipo ikalukidwa ndi munthu wodziwa imaposa ya pulasitiki kukongola. Nsungwi zake zikhale zokhwima, za zaka zitatu kapena zinayi, ndipo muziviike m'madzi kwa milungu ingapo musanaziumitse. Madziwo amasukulutsa chakudya chimene tizilombo timatsata, ndiye sizifumbwa msanga. Mawaya a magetsi odutsa pamwamba pa siling'i yotere adutse m'mapaipi ake, osangowagoneka pabango louma.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kukhoma siling'i n'kutseka mbali zonse za pamwamba pake. Mpweya wotsekeredwa pakati pa lata ndi siling'i umatentha koopsa, ndipo pofika madzulo siling'iyo nayo imayamba kuwotcha. Malo amenewa ayenera kupuma. Pakhoma la nsonga lija, mbali zonse ziwiri za nyumba, boolani pamwamba penipeni n'kuikapo njerwa zamabowo kapena kazenera, kuti mpweya wotentha uzituluka wina n'kumalowa. Bowo lililonse likhale ndi waya wa sefa wokhomedwa bwino, apo ayi mwamangira mileme ndi makoswe nyumba yaulere, ndipo fungo la ndowe za mileme likakhazikika m'siling'i kulichotsa kwake n'kugumula.

Maganizo amenewa ndi amene anatchukitsa Francis Kéré, katswiri wojambula nyumba wa ku Burkina Faso. Sukulu ya pulayimale imene anamanga kwawo ku Gando mu 2001 ili ndi makoma a njerwa zadothi ndi siling'i yadothi yokhala ndi timabowo, pomwe denga la malata linanyamulidwa m'mwamba pa zitsulo, kotero kuti mphepo imadutsa momasuka pakati pa siling'i ndi malata. Mpweya wotentha wa m'kalasi umakwera, n'kutulukira m'timabowo tija, mphepo n'kuutenga. Mu 2022 Kéré analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri pantchito yojambula nyumba, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Burkina Faso n'kotentha kuposa madera ambiri a kuno. Si aliyense angakweze denga lake chotero, koma amene akusintha malata otha angathe kuwonjezera mizere iwiri kapena itatu ya njerwa asanakhome atsopano. Denga likatalikira mutu, m'chipinda mumapepuka.

Nthawi yomweyo malata atasasulidwa ndi mpata woyala pepala lonyezimira lija ambiri amalitcha Sisalation. Chinsinsi chake n'chimodzi: mbali yonyezimira iyang'anizane ndi mpweya, pakhale mpata wa masentimita angapo. Likakanikizidwa pakati pa lata ndi thabwa popanda mpata, phindu lake limachepa kwambiri. Kunyezimira koyang'ana pansi kumakhalitsa kuposa koyang'ana kumwamba, chifukwa fumbi likakutira kumwambako mphamvu yake imatha. Pepalali limagwiranso timadontho tija timapangika kunsi kwa malata m'mamawa m'nyengo yachisanu, tomwe anthu a ku Dedza ndi ku Mzuzu amaganiza kuti ndi denga lodontha.

Likachoka padenga, dzuwa limakagwera khoma la kumadzulo, kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka kulowa. Ngati chipinda chogona chili mbali imeneyo, khomalo ndi limene limakuphikani usiku. Katani ya m'kati siithandiza kwenikweni, chifukwa kutentha kumakhala kutadutsa kale galasi. Mthunzi uyenera kukhala kunja. Njira yachangu ndi kuzika mitengo kapena zitsulo pafupifupi mita imodzi kuchokera kukhoma, kumangapo mawaya, n'kubzala magalagadeya kapena mphesa kuti ziyange. Pakutha pa chaka chimodzi kapena ziwiri mwapeza mthunzi ndi zipatso. Zoyangazo zisakhudze khoma kapena denga, kuopa kupangira chiswe ndi njoka njira. Mtengo ndi wabwino koposa, koma musankhe umene umakhala ndi masamba mu Okutobala, ngati mango kapena nimu, chifukwa mitengo yambiri yakutchire nthawi imeneyo imakhala itayoyola. Kachere ndi bulugamu zikhale kutali, mizu yake imang'amba maziko. Khoma la kumpoto ndi losiyana: limalandira dzuwa mu Juni ndi Julaye pamene tikulifuna, ndipo m'chilimwe kadenga kotulukira pang'ono kamakwanira kulitchinga. Wofuna kukuza zenera ayambe waganizira mbali imeneyo.

Tsopano udzudzu. Ambiri timaganiza kuti umalowera pakhomo ndi pazenera basi, koma udzudzu wa Anopheles, womwe umafalitsa malungo, njira yake yaikulu ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Mpweya umene anthu ogona amapuma, pamodzi ndi fungo la thupi, umakwera n'kumatulukira pampata pomwepo, ndipo udzudzu ukafika pakhoma umaulukira m'mwamba kutsata fungolo mpaka kupeza polowera. Kutseka mpatawu ndi njerwa ndi matope, chimene amisiri amati beam filling, ndi ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Ku Gambia, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009 anapeza kuti nyumba zotchingidwa ndi sefa zinali ndi udzudzu pafupifupi theka la umene unali m'nyumba zosatchinga, ndipo ana a m'nyumba zimenezo sankavutika kwambiri ndi kuchepa kwa magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika kutchinga nyumba m'malangizo ake a malungo mu 2021.

Koma tisakokomeze. Kuno kwathu njirayi inayesedwa m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete ku Chikwawa kuyambira 2016 mpaka 2018. Malungo anatsika m'midzi yonse ya m'kafukufukuyo, ndipo sipanaoneke kusiyana kwenikweni pakati pa midzi imene inatseka mipata ndi imene inangodalira maneti. Phunziro lake kwa wokonza nyumba n'lakuti kutchinga sikulowa m'malo mwa neti, komanso kumafuna kusamalidwa. Matope akang'aluka, sefa ikabooka, chitseko chikasiya mpata kunsi, udzudzu sulephera kupeza njira.

Apa m'pamene pali mkangano uja. Mpata umene mwatsekawo ndi womwe umatulutsa mpweya wotentha ndi utsi. Mukautseka osatsegula kwina, nyumba idzatentha kwambiri, anthu adzathawira pakhonde, ndipo udzudzu munautsekera kunja uja udzawapeza komweko. Choncho bowo lililonse limene mwatseka ndi njerwa mulibwezere ndi lina lotchingidwa ndi sefa. Njira ina yochititsa chidwi ndi yoika zidutswa za paipi ya pulasitiki, yotakata pafupifupi masentimita 15, m'khoma pansi penipeni pa denga, zingapo mbali iliyonse, kukamwa kwake kutatchingidwa ndi sefa. Fungo la anthu limatulukirabe m'mapaipimo, udzudzu umathamangira komweko n'kukakumana ndi sefa. Ku Côte d'Ivoire anayesa mapaipi otere m'midzi 20 poyerekeza ndi midzi ina 20, sefa yake itathiridwa mankhwala ophera udzudzu, pamodzi ndi kutchinga mazenera, ndipo zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti malungo mwa ana anatsika ndi 38 pa 100 alionse. Ngakhale popanda mankhwalawo, paipi yokhala ndi sefa imapatsa nyumba popumira.

Sefa nayo imachepetsa mphepo yodutsa, ndiye zenera lotchingidwa liyenera kukhala lalikulupo kuposa losatchinga. Mphepo siilowa m'chipinda chimene ilibe potulukira, choncho chipinda cha zenera limodzi chimafuna bowo lina kukhoma loyang'anizana nalo, kapena pamwamba pa chitseko. Mazenera a aluminiyamu okankhira kumbali amene ali m'fashoni amatseguka theka lokha, pomwe akale aja a timagalasi topendekeka amatseguka pafupifupi onse. Ambiri akuchotsa akalewo pofuna kuti nyumba ioneke yamakono, kenako n'kumadabwa kuti yayamba kutentha. M'chilimwe, nyumba ya makoma okhuthala yokhala ndi siling'i imazizira bwino mukatseka mazenera a mbali ya dzuwa masana n'kutsegula onse usiku, kuti njerwa zitaye kutentha zisanakumane ndi dzuwa la mawa. Zimenezi zimatheka pokhapokha pazenera pali sefa ndi zitsulo zoti munthu agone mtima uli m'malo.

Chenjezo limodzi lisaiwalike. Nyumba ikatchingidwa bwino, mbaula ya makala siyenera kugona m'kati. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo kapena mtundu, ndipo anthu amafa ali m'tulo, makamaka m'miyezi yachisanu pamene mabanja amalowetsa mbaula kuti awothe.

Kukhitchini, ndalama zochepa zimasintha zambiri. Mizere iwiri kapena itatu ya njerwa za pamwamba muimange mosiya mipata kuti utsi uzituluka usanazungulire m'maso mwa wophika. M'malo mwa mafuwa mungaumbe mbaula yokhazikika ya njerwa ndi dothi, monga Changu Changu Moto imene bungwe la Ripple Africa linafalitsa kuyambira ku Nkhata Bay, yomwe imalola miphika iwiri ndipo imadya nkhuni zochepa kwambiri. Ndipo ngati khitchiniyo, bafa kapena chipinda chosungira katundu muli mdima masana, pali nzeru ina ya makaniko wa ku Brazil, Alfredo Moser, ya mu 2002. Botolo la pulasitiki loonekera la malita awiri amalidzaza madzi oyera, n'kuthiramo Jik pang'ono kuti musamere ndere, kenako amalilowetsa pabowo la padenga, gawo lina kunja, lalikulu m'kati. Madziwo amamwaza kuwala kwa dzuwa m'chipinda chonse mofanana ndi babu la mawati 40 mpaka 60. Usiku siliwala, ndipo pomwe pali siling'i silingagwire ntchito. Ntchito yonse yagona pomata: botolo lilowe kaye m'kachidutswa ka lata, limatidwe bwino, kenako kachidutswako kakhomedwe padenga n'kumatidwanso m'mphepete, apo ayi mwadziboolera denga.

Titsike kunsi kwa khoma. Penti ikamatuwa ndi kusupuka kuyambira pansi mpaka m'mawondo, eni nyumba amaitana wopaka penti, kapena amamata matailosi kuti chinyezi chibisike. Chaka chotsatira chinyezicho chimatulukira pamwamba pa matailosiwo, chifukwa madzi a m'khoma akatsekeredwa amangokwera kufunafuna potulukira. Yambani mwafufuza kumene madziwo akuchokera, ndipo nthawi yabwino yofufuzira ndi mvula ili mkati, ambulera ili m'manja. Kawirikawiri mudzapeza kuti madzi a padenga akugwera pafupi ndi khoma n'kumathovukira panjerwa, kapena bwalo linapendekekera kunyumba, kapena bedi la maluwa linaunjikidwa dothi mpaka kukwirira pulasitiki wakuda uja amayala pamwamba pa maziko. Kuchotsa dothilo, kuwaka kakhonde ka simenti kapena njerwa kotakata masentimita 60 kuzungulira nyumba kopendekera kunja, ndi kukumba kangalande kotengera madzi kutali, kumathetsa mavuto ambiri amene penti yodula siingathe. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri zomangira matope, ndipo kupatula zimene zinakokoloka ndi madzi ndi miyala, zina zinagwa chifukwa kunsi kwa makoma kunanyowa masiku angapo mpaka kufewa.

Pa nyumba ya zidina, pulasitala ya simenti yokhayokha ndi msampha. Simenti ndi youma gwa, dothi limafufuma ndi kunyala malinga ndi nyengo, ndiye ziwirizi zimalekana. Mukagogoda mumamva phokoso la mphako, ndipo madzi akalowa kuseri kwake sauma, khoma limasungunuka mobisika mpaka pulasitala kugwa chigamba chonse. Pulasitala ya njereza ndi mchenga imagwirizana bwino ndi dothi chifukwa imalola khoma kuuma. Amene akufunabe simenti ayambe wakhomera waya wa khola la nkhuku pakhoma kuti pulasitala ipeze pogwira.

Njira yabwino yotetezera kunsi kwa khoma ndi kuwagwira madziwo asanagwe. Masamu ake ndi osavuta: milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la mamita 6 m'lifupi ndi 10 m'litali, mvula ya mamilimita 20 ikagwa, limatsitsa malita 1,200, yomwe ndi migolo isanu ndi umodzi ya malita 200. Ku Lilongwe, komwe pachaka kumagwa mamilimita 800 kapena kuposerapo, denga lomwelo limalandira malita pafupifupi 50,000. Palibe angasunge onsewo, koma ngalande ya m'mphepete mwa malata ndi mgolo umodzi kapena iwiri zimapeputsa kuchapa ndi kukolopa dzinja lonse, ndipo otsalawo mungawalondolere kunthochi m'malo mwa kumaziko. Madzi a mvula yoyamba, chizimalupsa, muwataye chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za miyezi yambiri. Mgolo ukhale wovindikira, kuopa kuti musandutse khomo lanu moswera udzudzu, komanso kuteteza ana ang'onoang'ono.

Miyala ndi matayala amene timaona pamwamba pa malata ndi umboni wakuti denga silinamangiriridwe. Mphepo yamkuntho siikankha denga pansi, imalikokera m'mwamba, makamaka m'makona ndi m'mphepete, ndipo ikalowa pakhomo kapena pazenera imalikankhanso kuchokera m'kati. Denga lolimba ndi limene lata linagwira thabwa, thabwa linagwira mtanda, mtanda n'kugwira khoma. Pofooka nthawi zambiri ndi pomalizirapo. Waya wokhuthala kapena kachitsulo kopyapyala kokulunga mtanda kayenera kuzikika mizere ingapo ya njerwa kutsika m'khoma, osati mzere wapamwamba wokha, womwe umanyamuka pamodzi ndi denga. M'mphepete misomali ichuluke kuposa pakati. Khonde lalikulu ndi labwino pamthunzi ndi poteteza khoma ku mvula, koma denga lake likhale lapalokha, losalumikizana ndi la nyumba, kuti mphepo ikalinyamula lipite lokha.

Palinso fashoni yogumula khoma la pakati pa balaza ndi khitchini kuti pakhale malo amodzi aakulu. M'nyumba ya njerwa imodzi yomangira matope, makoma a m'katiwo ndi amene amagwira akunja kuti asapendeke, ndipo ena anyamula denga. Tili m'chigwa chimene zivomezi zimachitika, ndipo za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri mpaka boma linatulutsa malangizo a kamangidwe kotetezeka. Musanagwetse khoma lililonse, munthu wodziwa akwere akaone chimene lanyamula. Nthawi zambiri kuboola khomo lalikulu lokhala ndi lintala yabwino kumapereka mpata womwewo popanda kufooketsa nyumba.

Zapansi sindikuzinyoza. Kuchoka pa dothi lozira kupita pa simenti n'kusintha kwakukulu, makamaka pomwe pali ana okwawa. Ku Mexico, boma litathira simenti m'nyumba za anthu osauka pa ntchito yotchedwa Piso Firme, ofufuza anapeza kuti kutsegula m'mimba mwa ana aang'ono kunatsika pafupifupi ndi theka, ndipo tizilombo ta m'mimba tinachepa kwambiri. Koma kuchoka pa simenti yosalala kupita pa matailosi n'kongosangalatsa maso. Ofuna kukongoletsa motchipa angagule matailosi osweka, omwe m'mashopu ndi m'malo omanga amatsala ambiri, n'kuwayala mosakaniza mitundu pakhonde kapena m'bafa. Zimafuna mmisiri wodekha, wosasiya nsonga zakuthwa.

Nyengo nayo imalamula. Zosasula denga ndi za pakati pa Meyi ndi Seputembala, penti ya padenga ipakidwe Okutobala asanafike, pomwe khoma lachinyezi mulipale mvula ikangosiya n'kulisiya liume mpaka Ogasiti kapena Seputembala musanalimatenso. Mbewu zoyanga ndi mitengo zimabzalidwa ndi mvula yoyamba yeniyeni.

Okhala m'nyumba za lendi ali ndi zochita zawo zimene angasamuke nazo. Mphasa zomangirira kumitanda ndi waya zimakhala siling'i yongoyembekezera, sefa ikhoza kukhomedwa pa mafelemu a matabwa ochotseka, mkeka wolendewera kunja kwa zenera la kumadzulo umatchinga dzuwa, ndipo magalagadeya amamera m'chigubu chodula. Zokhalitsa, monga kupaka denga, kutseka mipata ya pansi pa malata kapena kuwaka kakhonde kozungulira, muyambe mwakambirana ndi eni nyumba. Mugwirizane ndalama zimene zidzachotsedwe pa lendi, komanso miyezi imene lendiyo siidzakwera, ndipo zilembedwe papepala pali mboni, chifukwa alandilodi ena akangoona kuti nyumba yayamba kuzizira ndi kuoneka bwino, mwezi wotsatira amabwera ndi mtengo watsopano.